Anthu Awiri Oyimira a Lufeyo

Sindidziwa kuti ndinayenda zaka zingati. Anzanga amene ndinaphunzira nawo amati zinali ziwiri zokha, koma iwo ankawerenga atakhala pampando. Kwa ine zimakhala ngati ndinatuluka pageti la koleji m'mawa wina, pepala lili m'chikwama, ndipo mpaka lero sindinabwerereko bwinobwino.

Ndinkaphunzira zamalamulo. Kumapeto kwa khonde la pakoleji pathu kunali kachipinda komwe ophunzira ankathandizirako anthu osauka pa milandu yawo, mwaulere. Tchuthi chikafika anzanga ankathamangira kumaofesi a maloya a m'tauni, kwa makapeti ndi tiyi wamkaka. Ine ndinalembetsa kukachipindako. Musandiyese woyera mtima, ayi ndithu. Ndinachedwa kutumiza makalata, malo onona onse n'kutha.

Woyang'anira kachipindako anali Mayi Thombozi, loya wachikulire amene anatopa ndi makhoti koma osatopa ndi anthu. Tsiku loyamba anatiuza zinthu ziwiri zimene wophunzira sachita. "Simuyankhula m'khoti, chifukwa simunakhale maloya. Ndipo simuyimira munthu pa belo, ngakhale akulirireni chotani. Ntchito yanu ndi makutu, cholembera ndi miyendo." Pa miyendopo ndinaseka. Kalanga ine, ndikanadziwa!

Anatitengera kundende ina ya makoma ofiira, natikhazika pabenchi, aliyense ndi munthu wake. Wanga anali a Lufeyo, bambo wamtali, wosafulumira kuyankha. Anavala shati ya buluu imene anamangidwa nayo. Ankawaganizira kuti anatentha chigafa cha fodya kumudzi kumene anakwatira. Anali pa rimandi, kudikira mlandu umene sunkayamba, ndipo nyengo ya mvula inali itadutsa kanayi iwo ali momwemo.

Nditatsegula fayilo yawo ndinatsala pang'ono kugwa pabenchi.

"Bambo, belo munapatsidwa kalekale! Taonani apa."

"Ndikudziwa, a loya."

"Sindine loya, bambo, ndikuphunzira chabe."

"Amene wabwera kuno ndi cholembera ndi loya," anatero. "Belo anandipatsa, eya. Anati pabwere anthu awiri ndi zitupa zawo, adzanene kuti munthuyu tikumudziwa, tsiku la mlandu tidzabwera naye. Anthu awiri basi. Ndi amene ndikudikira."

Anthu awiri! M'dziko loti m'minibasi timapanikizana anayi pampando wa atatu! Ndinatseka fayilo ija ndi mtima wachibwana n'kunena kuti, "Lachisanu likubwerali ndibwera nawo."

Titatuluka Mayi Thombozi anandikoka mkono. "Iwe, kundende satchula tsiku. Iwe ukaiwala, mnzakoyo akhala akuwerenga. Usamuuze munthu wa m'ndende chinthu chimene sichili m'manja mwako." Ndinamva, ndipo ndinasunga.

Mudzi woyamba unali umene unalembedwa m'fayilo, pamzere wonena kuti kwawo. Ndinakwera minibasi, kenako kabaza, kenako ndinayenda pansi m'njira ya pakati pa minda ya fodya. Anandiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, nandipatsa madzi m'kapu yachitsulo. Mkazi wa a Lufeyo, mayi Felesiya, anakhala chapatali mutu uli pansi. Pakhoma la nyumba yawo panatsamira njinga ya mwamuna wina. Amene ankandiyankha anali achimwene a mayi Felesiya.

Ine nanga, mwana wa sukulu woti anangokhoza kumene mayeso, ndinatulutsa pepala n'kuwafotokozera lamulo lonse, osasiyako ngakhale kadontho. Ndinati woyimira munthu amalumbira. Ndinati munthuyo akathawa, khoti limagwira woyimirayo. Ndinaona nkhope zikutsekeka imodzi ndi imodzi, koma pakamwa panga sipanaime.

Nditamaliza, achimwene aja anakonza kukhosi. "Mayi, tamva. Munthuyo timamudziwa, koma si wathu. Anabwera kuno kudzakwatira. Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndiye ife tikalumbire chiyani? Pitani kwa eni ake, kumene kuli mchombo wake."

Manyazi amene anandigwira! Za chikamwini ndinali nditaziwerenga m'buku, mpaka kuzilemba pa mayeso. Koma ndinakulira m'tauni, m'nyumba yoti dzina la bambo anga linali pachitseko, ndipo mutu wanga unkati kwawo kwa munthu ndi kumene amagona.

Mayi Felesiya anandiperekeza. Titafika pokhota, poti a pamphasa sakanatimva, anaima. "Ali ndi mlongo wawo, dzina lake Edesi. Ameneyo sangawakane." Anayang'ana kumbuyo. "Ndiponso sanatenthe iwo. Tsiku limenelo tinali limodzi kudimba, kuyambira m'mawa."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndikanene kwa yani, mwana wanga? Chigafa chinali cha amalume anga. Ndikadya kuti?"

Lachisanu lija linadutsa ndili pamsewu. Sukulu inatsegulidwa, mabuku anandimeza. Nditapitanso kundende, shati ya a Lufeyo inali itayera m'mapewa. Sananditchulire Lachisanu. Anangofunsa kuti, "Kunja kwagwa mvula, a loya? Kuno timangoimva padenga." Ndikanakonda akanandikalipira.

Mudzi wachiwiri unali kuseri kwa mapiri, kumene anabadwira. Ndikaukumbukira umasakanikirana ndi woyamba uja. Mtengo wa mango womwewo, mphasa yong'ambika pangodya yomweyo, kapu yachitsulo yopindika pomwepo. Ngakhale nkhuku imene inkazungulira mphasa ndinkaona ngati ndikuidziwa. Koma ulendo uno pepala ndinalisiya m'chikwama. Ndinayamba ndi moni wautali, ndinafunsa za mvula, za ana, za matenda, kenako ndinatchula dzina.

Amalume a a Lufeyo anali atamwalira. Amene anatsala anali msuweni wawo, bambo wa diso limodzi amene ankaluka dengu osandiyang'ana.

"Lufeyo timamudziwa, koma anachoka kuno ali mnyamata. Thukuta lake lonse anakathirira minda ya eni. Akamuyimire amene ankadya zolima zake. Munthu wotani woti maliro a mayi ake osafika?"

"Akanafika bwanji ali m'ndende!" ndinakuwa. "Inu mukuti ndi wa uko, a uko akuti ndi wa kuno. Kodi munthuyu anagwa kumwamba?"

Bambo aja anaika dengu pansi, nandiyang'ana koyamba. "Kusukulu kwanuko amakuphunzitsani kukalipa pamphasa ya eni?" Anadzuka n'kulowa m'nyumba. Ndinatsala ndekha ndi kapu m'manja, ndikudziwa kuti ndataya munthu mmodzi ndi pakamwa panga. Mayi wina amene ankasenda nandolo chapafupi ndiye anandiponyera mawu, osadzutsa mutu. Anati Edesi anatsatira mwamuna wake kutauni. Tauni yake iti, sanadziwe. Anangoti ili ndi chigayo.

Abale, tauni yopanda chigayo ili kuti?

Apa m'pamene masiku anga amasokonekera. Tchuthi chilichonse, Loweruka lililonse, ndinali pamsewu. Ndinafika tauni ya fumbi, tauni ya njanji, tauni ya mlatho wothyoka imene basi inkaimira kutsidya. Kondakitala ankakhala ngati ndi mmodzi yemweyo, wa chipewa chomwecho, ndipo ankanditsitsa pamalo ofanana, pafupi ndi azimayi ogulitsa tomato. Ndinkatsatira phokoso la chigayo n'kufunsa kuti, "Kodi muno muli Edesi, mlongo wa a Lufeyo?" Nthawi zina ndinkanyamuka chimanga chikumera kumene n'kufika anthu akukolola. Pepala lija linafewa m'chikwama mpaka m'mopinda munayamba kung'ambika.

Ndinaphunzira zambiri zimene sizili m'mabuku athu. Ndinaphunzira kuti ukatchula khoti pamsika, anthu onse amakhala alendo ofika dzulo. Ndinaphunzira kuvula jekete ndisanatsike basi. Anthu akandizolowera ankandibweretsera mavuto awo: mayi wolandidwa munda ndi akuchimuna, mlonda wochotsedwa ntchito opanda kalata, mkulu wina woti mwana wake anatengedwa ndi apolisi osadziwika kumene ali. Ndinkalemba pabondo n'kukapereka kwa Mayi Thombozi, ndipo ena anathandizika. Iwo ankasangalala nane. Ine sindinkasangalala, chifukwa wanga munthu anali akadali mkati.

A Edesi ndinawapeza atatu, onse osakhala iwo. Wachitatu, mayi wonenepa wogulitsa zitumbuwa, anamvetsera nkhani yonse misozi ikulengeza. Kenako anapukuta manja pachitenje. "Dzina ndi lomwelo, chitupa ndili nacho. Tiyeni ndikanene kuti ndine mlongo wakeyo. Woweruza akadziwa bwanji?"

Ndisaname, ndinafuna. Ndinayenda naye mpaka pasiteji. Pamenepo ndinaimbira Mayi Thombozi, ndikuganiza kuti anditama.

"Ubwerere wekha," anatero. "Ukanamiza khoti kamodzi, ana onse obwera pambuyo pako sadzakhulupiriridwanso, ndipo kachipinda kathu katsekedwa. A Lufeyo si okha m'ndendemo."

"Ndiye ndiwayimire ine! Ndimawadziwa kuposa abale awo."

"Ndinakuuza tsiku loyamba."

Ndinadula foni osatsanzika. Mayi wa zitumbuwa anandikulungira ziwiri papepala nati ndikadye m'basi. Ndinadya ndikulira, anthu akundiyang'ana.

Kukoleji anzanga anali atayamba kuyeza masuti. Ankandiseka kuti ndine loya wa nkhuku ndi mbuzi, ndimanunkha kabaza. Panali mwamuna wina wa kalasi lathu amene tinkagwirizana, ndipo tinali titayamba kukambirana zokaonekera kwa makolo. Anandidikira masiku ambiri a Loweruka. Tsiku lina anangoti, "Iwe uli ndi mwamuna kale, ali kundende." Tinasiyana. Anakwatira wina, ndipo ndimamva kuti ali bwino. Zinandipweteka, ndipo zimandipwetekabe ndikamaona anthu awiri akudikira basi limodzi.

A Edesi enieni ndinawapeza ndisakuwafuna. Basi inafera m'katauni kena kopanda dzina, ndipo ndinapita kuchigayo kukangopempha madzi. Mayi wina wowonda ankapeta mphale ya anthu, tsitsi ndi nsidze zili mbuu. Atadzutsa mutu ndinaona chipumi cha a Lufeyo, ndi maso omwewo osafulumira.

"Mayi, kodi muli ndi achimwene otchedwa Lufeyo?"

Lichero linagwa. "Amwalira?"

"Ali moyo."

Anakhala pansi m'gagamo n'kuyamba kulira ngati pamaliro. Ankakhulupirira kuti achimwene awo anapita kunja kukafuna ntchito n'kuwaiwala, chifukwa ndiwo uthenga umene akuchikazi anawatumizira. Ndinayamba kufotokoza za kulumbira, pang'onopang'ono, koma anandidula. "Musandiuze zambiri. Tinayamwa bere limodzi. Tinyamuka liti?"

Koma chitupa analibe. Chinapita ndi madzi chaka chimene mtsinje unalowa m'nyumba. Tinakaima pamzere kuboma, kawiri, katatu, ndipo anatiuza kuti tidikire miyezi. Mwamuna wawo anakana kukhala wachiwiri, anati za khoti salowerera. A Edesi anaganiza, kenako anati, "Kuli a Jailosi. Ankaweta mbuzi limodzi ndi achimwene ali ana."

A Jailosi ankakhoma ndowa pamsika wa tauni yotsatira. Nyundo inali itawagonthetsa makutu, moti nkhani yonse ndinachita kuwakuwira. Atamva anaseka mpaka kutsokomola. "Lufeyo kutentha chigafa? Munthu woti ankaopa kuyatsa ndi ndudu yomwe! Ndipita. Koma kukhotiko amalola opanda nsapato?" Ndinawauza kuti amalola. Anati ayi, sangakachititse mnzawo manyazi, akabwereka.

Mmene ndinkabwerera, mtima wanga unali ukuvina. Ndinapita kundende. A Lufeyo anatuluka atawonda, shati ija itasanduka yotuwa, kolala itatha. Anakhala pabenchi n'kundiyang'ana.

"Kuli nkhani, a loya?"

Mawu anafika pamlomo: Edesi ndamupeza, ali ndi chipumi chanu, amakulirani. Koma chitupa chinali chisanatuluke. Bwanji chikachedwa chaka? Bwanji a Jailosi akasintha maganizo? Ndinakumbukira Lachisanu lija, ndi mmene sanandifunsire. Ndinati sindidzawapatsanso chinthu chimene sichili m'manja mwanga. Ndinadziona ngati ndakula, ngati tsopano ntchito ndaidziwa.

"Ndikuyesetsa, bambo," ndinatero.

Anagwedeza mutu kwa nthawi. "Mwayesetsa, a loya. Nsapato zanu ndikuziona. Zikomo kwambiri." Anadzuka okha msilikali wa ndende asanawaitane.

Chitupa chinatuluka mvula itayamba. Tinakumana pasiteji m'mawa, atatu. A Edesi anavala chitenje chatsopano, chitupa atachimanga pakansalu pachifuwa. A Jailosi anavala nsapato zobwereka, zazikulu, ndipo ankayenda ngati akuwoloka madzi. Ndinati tiyambe tadzera kundende, a Lufeyo aone anthu awo ndi maso, kenako tipite kukhoti kukasayina. M'basi monse ndinkangoganiza za nkhope yawo.

Titatsika, tisanafike n'komwe pageti, tinakumana ndi mzere wa akaidi ovala zoyera, makasu ali paphewa, akupita kumunda wa ndende. Sindinawayang'ane. Ovala zoyera ndi oweruzidwa kale, ndipo wanga munthu sanali mwa iwo. Koma a Edesi anaima pakati pa msewu.

"Achimwene!"

Munthu wamtali wa kumapeto kwa mzere anatembenuka. Khasu linatsika paphewa pang'onopang'ono. Msilikali amene ankawaperekeza anandizindikira, anayang'ana kumbali, nati, "Mwachangu."

A Edesi anawagwira m'manja, m'mapewa, kumaso, akungotchula dzina. Ine ndinkayang'ana malaya oyerawo.

"Bambo, zovala izi n'zachiyani?"

"Khoti linabwera konkuno, a loya, masabata atatu apitawa. Woweruza anakhala pansi pa mtengo uwo. Anatiitana mmodzimmodzi n'kumafunsa kuti ukuvomera kapena ukukana. Okana anati adikire mboni. Ine ndinavomera."

"Munavomera chiyani? Simunatenthe inu! Mayi Felesiya anandiuza, munali kudimba!"

"Ndinali kudimba, eya."

"Nanga bwanji?"

"Wa rimandi alibe tsiku, mwana wanga. Amadzuka, amagona, sadziwa chimene akuwerenga. Andipatsa zaka zisanu ndi zinayi, kuchotsapo zimene ndakhala kale. Zatsala zitatu. Tsopano ndili nalo tsiku langa, ndipo m'mawa ndimaponda dothi." Anayang'ana mlongo wawo, kenako a Jailosi amene ankangomwetulira, kenako ine. "Edesi munamupeza liti?"

Ndikanatha kunama. "Chilimwe chisanathe."

"Ulendo womaliza uja munali mutamupeza?"

"Eya, bambo. Chitupa chinali chisanatuluke. Sindinafune kukulonjezani."

Sanakwiye. Ndimalakalaka akanakwiya, akanandilavulira, ndikanakhala ndi pogwira. Anangoti, "Aa. Mukanangonditchulira dzina lake, a loya. Ndikanadikira ngakhale zaka zina zinayi."

Msilikali anaimba likhweru. A Lufeyo anabweza khasu paphewa n'kuthamangira anzawo. A Edesi anawatsatira m'mbali mwa msewu, akuwauza za ana, za mayi awo mmene anawaikira, akufulumira kuti zonse zikwane asanafike kumunda. Belo ndi ya munthu wosaweruzidwa. Zimenezo ndinkazidziwa bwino, zinabwera pa mayeso.

A Jailosi sanamve kanthu pa zonsezo. Anaona mnzawo ali moyo, akuyenda panja, ndipo anakhutira. Anapisa m'thumba la malaya, natulutsa chitupa chawo chokutidwa m'pepala la shuga, nachipukuta pamwendo. Kenako anandipatsa ndi manja awiri, nakuwa monga amachitira agonthi.

"Tafika, a loya! Ndiye tikasayine pati?"